Madesiki Oyenda Usiku

1. Kachulumire

Wakabaza anandisiya pamtengo wa bulugamu. Kunali kutada. Analoza kutsogolo ndi chibwano.

"Sukulu ya Kachulumire ndi imeneyo. Nyumba za aphunzitsi zili kuseri."

"Simundifikitsa kodi?"

"Ndalama yanu yathera pompano, asisi."

Anatembenuza njinga. Anapita. Ndinatsala ndi chikwama changa ndi fumbi lake.

Dzina langa ndi Ezeliya. Ndinabadwira ku Kawale. Ndakhalako ku Biwi, ku Chinsapo, ku Mtandire. Sitikhalitsa pamalo ife. Amayi amagulitsa kaunjika, ndipo kumene msika walowera nafenso timalowera komweko. Koma kumudzi ndinali ndisanagoneko. Tsiku limeneli ndinakwera minibasi mpaka pa Nsaru, kenako kabaza wolowera cha ku Kabudula. Mdima wa kuno ndi wina. Ulibe ndi babu limodzi lomwe.

Pondikweza minibasi amayi sanazungulire.

"Geni yagwa, mwana wanga. Kukudyetsa ndi kukuphunzitsa sindingathe. Azakhali ako a Sabina avomera kukusunga kuti ukalembe mayeso a Sitandade 8 pasukulu imene amaphunzitsa. Koma pakamwa pakopo ukatseke. Akakakubweza, sukulu yathera pomwepo. Udzalowa ntchito ya m'nyumba kwa mayi aja a ku Eriya 47. Ayamba kale kufunsa."

Ndinayenda pang'ono. Ndinamva matayala akulira, ng'ombe zikupuma. Patsogolo pa kalasi panali ngolo ziwiri. Anthu ankanyamula zinthu mumdima, akunong'onezana. Tochi za mafoni zinkangoti phethi phethi. Ndinayang'anitsitsa. Anali madesiki.

Ku Mtandire ukaona anthu akunyamula katundu usiku sufunsa. Umakuwa.

"Akuba! Akuba madesiki!"

Ng'ombe inadzidzimuka. Wina anataya desiki. Linagwera phazi la munthu, munthuyo n'kuyamba kuvina ndi mwendo umodzi.

"Mayo ine! Ndani ameneyo? Mwana wa yani?"

Tochi inandiwalira kumaso.

"Ndi wanga, ahedi," anatero mawu a mzimayi. "Mwana wa malemu alongo anga uja ndinakuuzani."

Azakhali anandigwira dzanja molimba. Anandikokera kuseri.

"Ndi chikwama chomwe sunatule, waswa kale chala cha ahedi. Akuba amatulutsa katundu. Awa akulowetsa. Maso ulibe kodi?"

2. Chenjezo la azakhali

Nyumba ya azakhali ndi ya zipinda ziwiri. Anandipatsa mbatata yophika ndi tiyi. Ndinadya theka. Funso linali litandikhala pakhosi.

"Azakhali, madesiki amabwera usiku kuno?"

Anatseka chitseko. Anatseka ndi zenera lomwe.

"Ndikuuza kamodzi, kuti usakafunse panja. Boma linatulutsa ndalama zoti sukulu zonse za dera lino zilandire madesiki. Ntchito inaperekedwa kwa a Chikoti, wabizinesi. A Chikoti anakhoma madesiki okwana kalasi imodzi. Basi. Ndalama zinazo afunse mimba yawo ndi ya anzawo. Tsopano boma latuma anthu oti aone ngati ndalama zinagwira ntchito. Akuyendera sukulu imodzi patsiku. Ndiye madesiki amawatsogolera. Lero anali kusukulu ya kutsidya. Mawa ali kuno. Mawa usiku apita ku Dambolapsa."

"Madesiki omwewa?"

"Omwewa. Amangofafaniza dzina la sukulu, n'kulemba lina. Wopenta ali mkati panopa."

Ndinaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno.

"Ndiye kuti madesikiwa aphunzira sukulu zambiri kuposa ine!"

Azakhali sanaseke.

"Tamvera, Ezeliya. Iwe ndiwe mlendo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. A Chikoti si munthu wamba. Amadya ndi akuluakulu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Hedi wakale wa ku Dambolapsa anakana kusainira madesiki amene sanawaone. Pano akuphunzitsa kumalire, kumene netiweki imapezeka pamwamba pa chulu. Ahedi athu a Nickson ali ndi ana asanu ndi ngongole ya fetereza. Si munthu woipa. Ndi amantha chabe. Nanenso ndine wamantha. Ntchito iyi ndi imene yagula mbatata ukudyayo. Ana a pano akhala pansi chiyambire sukuluyi, ndipo ena anakhoza, anapita kusekondale. Pansi sipaluma. Koma pakamwa pamaluma mwini wake. Mawa ukaone, ukamve, ukameze. Wandimva?"

"Ndamva, azakhali."

"Kumva kwako ndimakudziwa. N'kwa bambo ako."

3. Phunziro la kakhalidwe

M'mawa belu linalira. Belu lake ndi limu ya galimoto yopachika mumtengo. Ana anatulukira mbali zonse. Aliyense anali ndi thumba la fetereza lopinda kukhwapa. Ndinafunsa mtsikana wina ntchito yake. Anandiyang'ana ngati ndafunsa ntchito ya miyendo.

"Ndi mpando."

Ahedi a Nickson anabwera akutsimphina. Phazi limodzi munsapato, lina mupatapata. Chala chachikulu atachikulunga nsanza. Analamula kuti matumba onse akabisidwe kuseri kwa zimbudzi. Makalasi ena onse anakhomedwa ndi maloko.

"Alendo akafunsa, makiyi apita kumaliro ndi aphunzitsi a Sitandade 3. Mwamva?"

"Inde, ahedi!"

Aphunzitsi a Sitandade 3 anali pomwepo. Anauzidwa kuti akakhale m'nyumba, asatuluke.

Ana aang'ono anawatumiza kumsewu kukayeserera nyimbo. Ife a Sitandade 8 tinalowa mukalasi. Madesiki anali atandandalikidwa bwino. Pamwamba pa lililonse panali mzere wakuda, ndipo pamzerewo panalembedwa ndi penti woyera: KACHULUMIRE. Fungo lake linkalasa m'maso.

Palibe amene anakhala. Onse anaima m'mbali mwa khoma ngati afika pamaliro a eni.

"Khalani!" anakuwa ahedi.

Mnyamata wina anakwera desiki miyendo uku ndi uku.

"Osati ngati bulu, iwe! Miyendo mkati!"

Wina analowetsa miyendo, bondo n'kugunda thabwa. Atsikana atatu anakhala mbali imodzi, desiki n'kutukula mutu. Kumbuyo mnyamata wamtali anayesa, anayesanso, kenako analowa pansi pa desiki n'kupinda miyendo.

"Kuno ndiye kuli bwino, ahedi. Kuli ndi denga lomwe."

"Tuluka! Imani nonse! Khalani! Imani! Khalani! Zigongono musaike pamwamba, penti sanaume! Manja pamiyendo!"

Tinakhala titauma, manja pamiyendo, ngati anthu odikira jakisoni.

Ahedi anandiyang'ana. Anayang'ana chala chawo. Anandiyang'ananso.

"Iwe wa m'tauni. Wakhala bwino. Unazolowera, eti? Chingerezi umatha?"

"Pang'ono, ahedi."

"Mawu uli nawo. Tinawamva dzulo. Ndiwe amene uthokoze alendo m'malo mwa ophunzira. Awa akaona galimoto amaiwala ndi maina awo omwe."

Anandipatsa pepala. Linkanena kuti ife ophunzira a pa Kachulumire takhala pamadesiki kuyambira teremu yatha, misana yathu yawongoka, zolemba zathu zakongola, ndipo tikuthokoza boma ndi a Chikoti.

"Uloweze," anatero ahedi. Anatsitsa mawu. "Maina a olemba mayeso ndikutumiza sabata ino. Lako sindinaliike. Ukalankhula bwino, ndiliika lero lomwe. Ukasokoneza, malo palibe. Tamvana?"

Ndinagwedeza mutu. Azakhali anali pakhomo. Nawonso anagwedeza.

4. Mwini ngolo

Ndinapita kumjigo kukaloweza. Ndinapezako bambo wachikulire akumwetsa ng'ombe zinayi. Chipewa cha mlaza, jekete lakale. Anali a Rodgers, mwini ngolo zija. Anandizindikira.

"Ndiwe alonda athu a dzulo, eti? Wachita bwino kubwera. Phiri, perekani moni kwa alonda."

Phiri inali ng'ombe. Inandiyang'ana, n'kupitiriza kumwa.

"Pepani agogo, ndinayesa ndinu akuba."

"Usapepese msanga, mwana wanga. Mwina sunalakwitse kwambiri."

Anakhala pamwala. Anavula chipewa.

"Ukuloweza zothokoza? Loweza. Ine ndaimva kale nyimbo imeneyo m'sukulu zingapo. Ng'ombe zangazi zikanakhala ndi pakamwa zikanaiimba. Njira zonse zikuzidziwa. Ndimagona pangolo, zokha zimakhota. Amandilipira, sindikana. Koma tamvera. Ife akale timati chinthu cha boma chilibe mwini. Tinkanama. Ndikagulitsa fodya, amadula msonkho. Ndikagula sopo, msonkho. Mayi ako akagula belo la kaunjika, msonkho. Matenanti aja ali kumaesiteti, anachoka ku Phalombe ndi ku Thyolo, akagula paketi ya shuga, msonkho. Ana awo ndi amene wawaona ndi matumba kukhwapa. Ndiye madesikiwa anagula ndani? Boma lilibe munda. Boma lilibe dimba. Ndalama ndi zathu, timangolisungitsa. Ukasungitsa mbuzi kwa munthu, umapita kukaiwerenga. Akakuonetsa mbuzi imodzi kasanu, n'kumati ndi mbuzi zisanu, iwe n'kuwomba m'manja, wopusa ndani?"

"Nanga bwanji simunena, agogo?"

"Ndani amafunsa woyendetsa ngolo? Alendo akafika ine ndimakhala nditabisidwa kudambo pamodzi ndi Phiri. Makolo amaitanidwa kudzavina, osati kudzalankhula. Aphunzitsi akuopa transifa. Chetechete sautsa nyama, koma tonse tili chete. Mdzukulu wanga ali mu Sitandade 8 momwemo. Amalembera pabondo. Kukagwa mvula pansi pamanyowa, amaphunzira choimirira. Koma usandimve molakwa. Ine sindikukutuma. Wotuma mwana kukagwira njoka amaima patali. Ukalankhula, chikwapu chigwera pa iwe ndi azakhali ako, osati pa ine. Ukakhala chete palibe adzakunene. Ndangofuna udziwe kuti zimene ukulowezazo ndi bodza la ndani, ndipo likudya ndani."

Anavala chipewa. Anamenya ng'ombe pang'ono ndi kamtengo.

"Tiyeni a Phiri, tikabisale. Akuluakulu asationere."

5. Alendo

Dzuwa litafika pamutu, fumbi linaoneka kumsewu. Ana anayamba nyimbo. Amayi a m'mudzi anayamba nthungululu. Galimoto ziwiri zinaima pabwalo.

Mu yoyamba munatuluka mayi wamfupi wa magalasi. Nsapato zafulati. Sanamwetulire kwambiri. Ahedi anatiuza kuti ndi Mayi Kamphinda, otsogolera gulu loona mmene ndalama za maphunziro zayendera. Anali ndi anyamata awiri onyamula mabuku.

Mu yachiwiri munatuluka mimba. Patapita kanthawi munatuluka mwini wake. Suti yotuwa yonyezimira. Mafoni awiri m'dzanja limodzi. A Chikoti.

"Ana anga! Ana anga okondedwa!" anakuwa, akugwedeza mafoni.

Analowa mukalasi mwathu. Tinaimirira. Tinapereka moni. Tinakhala. Palibe anagwa. Ahedi anapumira m'mwamba.

Mayi Kamphinda anayenda pakati pa mizere. Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Ana aulemu," anatero. "Onse manja pamiyendo. Salemba kodi?"

"Lero ndi tsiku lomvetsera, mayi," anayankha ahedi.

"Makalasi enawo?"

"Makiyi apita kumaliro, mayi."

"Kutsidya dzulo makiyi anapitanso kumaliro. Dera lino anthu akutha."

A Chikoti anaseka kwambiri, kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Anafuna kusintha nkhani. Anapita kutsogolo, n'kumenya mbali ya desiki.

"Mayi, taonani ntchito! Thabwa lenileni ili. Osati zopepera za anzathu ena. Likhoza kunyamula ndi njovu yomwe. Taonani!"

Ahedi anatsegula pakamwa. Anachedwa. A Chikoti anali atakhala kale pamwamba pa desiki. Anadzigwedeza uku ndi uku kuti tione kulimba kwake. Anajambulitsa chithunzi. Kenako anafuna kuimirira.

Desiki linafuna kupita nawo.

Kunamveka phokoso ngati munthu akumatula pulasitala. Anatembenuka kuti alankhule ndi alendo, msana n'kulozetsa kwa ife. Pathalauza lawo, kuyambira thumba ili kufika thumba ilo, panali mzere wakuda ndi zilembo zoyera. Dzina la sukulu yathu, chagada.

Mtsikana wina anadziluma dzanja. Mnyamata wamtali uja anagweranso pansi pa desiki. Kenako kalasi yonse inaphulika. Makolo amene anasuzumira m'mazenera anafalitsa uthenga panja, panjaponso n'kuphulika.

A Chikoti anagwira kumbuyo. Anayang'ana dzanja. Nkhope inasintha. Koma munthu wozolowera sagwa msanga.

"Mwaona, mayi? Ndi atsopano moti penti sanaume! Ife ntchito timaipereka yotentha!"

"Zoonadi," anatero Mayi Kamphinda. "Sukulu iliyonse tikupeza penti wosauma. Mumagwira ntchito mwachangu, a Chikoti."

Anayang'ana aphunzitsi. Anayang'ana makolo a m'mazenera.

"Alipo amene ali ndi chonena?"

Aphunzitsi anayang'ana nsapato zawo. Makolo anayang'ana kudenga. Azakhali ankakonza choko chimene chinali chokonzeka kale.

Mayi Kamphinda anadikira. Kenako anatseka buku lawo.

"Chabwino. Ngati palibe, tilemba kuti zonse zili bwino."

"Tisanatseke, mayi," anatero ahedi mokondwa, "ophunzira ali ndi mawu othokoza. Ezeliya!"

6. Mawu othokoza

Ndinaimirira. 

Ndinayamba m'Chingerezi monga mwa pepala. Ndinalonjera alendo. Ndinalonjera ahedi, aphunzitsi, makolo. Mawu anatuluka bwino. Ahedi ankagwedeza mutu motsatira, milomo yawo ikuyenda limodzi ndi yanga.

Ndinafika poti takhala pamadesiki kuyambira teremu yatha. Ndinayang'ana anzanga. Manja pamiyendo. Mtsikana wa pambali panga ankasisita thabwa la mpando ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, kuti asaonedwe.

Ndinapinda pepala. Ndinasiya Chingerezi.

"Mayi, zotsalazo ndinena m'Chichewa kuti makolo amve nawo. Ine ndafika dzulo. Koma anzangawa andiuza kuti lero ndi tsiku lokoma. Sanakhalepo pamwamba chiyambire. Tikuthokoza kwambiri. Pempho lathu ndi limodzi. Muzibwera tsiku lililonse."

"Chifukwa chiyani, mwana wanga?"

"Chifukwa madesiki amabwera mukamabwera inu. Mukapita, nawonso amapita. Awa afika dzulo usiku pangolo. Usiku uno akupita ku Dambolapsa kukakudikirani."

 Kunja mbuzi inalira.

"Mwana uyu ndi wa m'tauni!" anakuwa a Chikoti. "Chamba! Ana a m'tauni ndi chamba! Ahedi, mwana uyu ndi wa pano?"

Ahedi anayankha motsitsa mawu. "Sanalembedwe, bwana."

Mayi Kamphinda sanawayang'ane. Anatsegulanso buku. Analoza mtsikana wa pambali panga.

"Iwe, dzulo unakhala pati?"

Mtsikanayo anayang'ana ahedi. Anayang'ana ine. Analankhula ngati udzudzu.

"Pathumba."

"Lili kuti thumbalo?"

"Kuseri kwa zimbudzi."

"Kalitenge. Nonse, katengeni mipando yanu."

Anatuluka mothamanga. Anabwerera aliyense ndi thumba lake. Ana a makalasi ena ataona, nawonso anakatenga awo. Bwalo lonse linayera ndi matumba a fetereza. Pamenepo mayi wina wa pazenera anamasuka.

"Ifenso tinawaona akutsitsa!"

"Ndi kutsidya anachokera!" anatero wina.

"Aphunzitsi a Sitandade 3 sali kumaliro! Ali m'nyumba, akukazinga chimanga!"

Anthu amene anali osalankhula anayamba kulankhula onse nthawi imodzi. Anyamata a mabuku aja analemba mpaka kugwedeza zala.

Mayi Kamphinda anakweza dzanja.

"Madesiki awa asachoke pano. Ahedi, likasowa limodzi mudzayankha ndinu. Mawa ndikupita ku Dambolapsa monga mwa dongosolo. Koma mawu a ana ndi a pazenera sakwanira kumene ndikupita nawo. Pakufunika munthu wamkulu, wa ntchito, woti aime ndi kunena dzina lake. Akapezeka, akandipeze kumeneko."

Anayang'ana aphunzitsi kachiwiri. Nsapato zinayang'anidwanso.

A Chikoti anatuluka chobwerera m'mbuyo, jekete atalimanga m'chiuno. Pokwera galimoto anaimba mafoni onse awiri.

7. Malo palibe

Alendo atapita, ahedi anandiitana muofesi. Azakhali anaima pakhomo.

Ahedi sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Mwana iwe, dzulo unandiswa chala. Lero wandiswa khosi. Ukuganiza kuti ine ndimakonda kuona ana atakhala pansi? Iwe mawa ukwera minibasi. Ine nditsala pano ndi a Chikoti. Alendo amabwera n'kupita. A Chikoti sapita. Tinapangana, sunasunge. Dzina lako sindituma. Malo palibe. A Sabina, mwana wanu mumuone chochita."

Azakhali anatembenuka. Tinapita kunyumba. Iwo patsogolo, ine pambuyo.

Madzulo ana ena anabwera kudzaima patali ndi nyumba. Ankangondiyang'ana. Mtsikana wa pambali panga uja anasiya mango awiri pakhonde n'kuthawa. Kukalasi, ena anakana kupita kwawo. Ankalemba pamadesiki, zigongono pamwamba. Penti anali atauma.

Azakhali anaphika. Tinadya. Mawu awo anali atatu okha.

"Longedza chikwama chako."

Ndinalongedza. Sizinatenge nthawi. Ndinali ndisanamasule zambiri.

8. Ulendo

Anandidzutsa tambala atangolira. Kunja kunkazizira. Anthu oyamba anali akupita kudambo ndi makheni kukathirira nazale za fodya.

Azakhali anali atavala diresi la ku misonkhano ndi nsapato zakuda. M'manja anali ndi chikwama chawo.

"Mundiperekeza mpaka pa Nsaru, azakhali?"

"Ndani wanena za Nsaru?"

Pamtengo wa bulugamu panaima ngolo. Yopanda kanthu. A Rodgers anali pamwamba, atadzikulunga bulangeti.

"Mwadzuka bwanji, alonda? Kwerani. Lero ndanyamula katundu wolankhula."

Tinakwera. Ng'ombe zinakhota zokha, kusiya njira ya ku Nsaru.

"Tikupita ku Dambolapsa," anatero azakhali, maso ali kutsogolo. "Usiku sindinagone. Ndaphunzitsa ana pansi zaka zonsezi, ndikuwauza kuti kunama n'koipa. Dzulo mwana wa alongo anga anaima yekha, ine ndikukonza choko. Mayi aja akufuna munthu wamkulu wonena dzina lake. Dzina ndili nalo. Ndikatha kunena za madesiki, ndikanena za iwe. Ndikafunsa pamaso pa anthu ngati mwana amachotsedwa pamayeso chifukwa chonena zoona. Chikwama watengacho n'choti akakana kuno, tikagogode sukulu ina, ndi ina, mpaka ulembe. Ntchito ya m'nyumba sukalowa ine ndili moyo."

Ndinafuna kuthokoza. Ananditseka ndi dzanja.

"Koma usayese kuti wakhoza zonse. Kunena zoona ndi kwina, kuchititsa akulu manyazi ndi kwina. Ahedi ukadzawaona udzawapatse ulemu wawo. Ndipo lero olankhula ndine. Iwe pakamwa potseka."

"Ndamva, azakhali."

A Rodgers anaseka m'bulangeti.

Tinadutsa dambo. Kum'mawa kunayamba kufiira. Kumbuyo kwathu kunamveka injini. Lole inabwera mothamanga, hutala ikulira. A Rodgers anakokera ng'ombe pambali. Kutsogolo kwa loleyo, pafupi ndi dalaivala, kunali a Chikoti. Suti ina. Pamwamba panali mulu wa matabwa aataliatali omangidwa ndi zingwe, ndi mnyamata atakumbatira chitini cha penti.

Inatipyola. Fumbi linatikwirira.

A Rodgers anatsokomola. Anapukuta m'maso. Anayang'anitsitsa. Mwadzidzidzi anaimirira pangolo, bulangeti n'kugwa.

"Mabenchi a tchalitchi chathu! Awo! Lachitatu kuchokera pamwamba ndi limene ndimakhalapo ine!"

"Akukawapenta kuti akalowe m'malo mwa madesiki," anatero azakhali.

"Akapente benchi la Mulungu? Ndili moyo?" Anakweza chikwapu. "Phiri! Lero muthamanga ngati munabadwira m'tauni! Gwirani zolimba, alonda!"

Ngolo inalumpha. Azakhali anagwira mpango. Ine ndinagwira azakhali. Kutsogolo, fumbi la lole linkalowera ku Dambolapsa.